Kwa Madalitso, Muphwa Wanga Wopanga Makina Osakaniza Mpweya

Wokondedwa Madalitso,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyreko. Kuno ku Chembe tadzuka, kungoti mwera wa chaka chino watilowa m'mafupa. Asodzi a usipa akhala masiku atatu osalowa panyanja, ndipo mayi ako akudandaula za ndiwo m'mawa uliwonse ngati kuti mphepoyo ndinaituma ndine.

Kanema amene unanditumizira pa WhatsApp ndamuonera kasanu: kawiri ndekha, katatu ndi anyamata a kugombe omwe anandiunjirira pafoni. Ndaona kabokosi kako kotuwa, timawaya, kagalasi koonetsa manambala, ndi iweyo pambali ukumwetulira ngati tsiku lija unakola kampango wako woyamba. Wati munthu akangodina batani, makinawo azisakaniza okha okosijeni ndi mpweya wamba n'kudzaza silinda ya wotsikira pansi pa nyanja, popanda wina woimirira pa valavu.

Ndanyadira, mwana wa mlongo wanga. Ndinamuonetsa ngakhale mnyamata wogulitsa mandasi amene sadziwa n'komwe kuti nitrox n'chiyani. Koma kutada tulo tinandithawa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu. Ndikangoyamba, iwe "ndikudziwa, malume," basi nkhani yatha. Pepala sungalidule. Ndipo ndalemba poyera dala, kuti anzako amene munaphunzira limodzi ku MUBAS, komwe ife akale timakutchabe ku Poly, amvereko. Ndikudziwa kuti kabokosiko simukukapanga wekha.

Ukukumbukira chipsera cha padzanja langa lamanzere? Uli mwana unkachisisita n'kumafunsa kuti chinabwera bwanji, ine n'kumati ndinapsa ndi phala. Ndinakunamiza. Lero wakula, umve zoona.

Ndinali nditadzaza masilinda kwa zaka zingapo pamalo ena otsitsa alendo pansi pa nyanja. Tsiku limenelo alendo ankadikira, injini ya boti italira kale, ndipo ine mtima unali m'mwamba. Ndinalumikiza paipi ku silinda yaikulu ya okosijeni n'kutsegula valavu yonse kamodzi. Ndinangomva phuu! ngati mfuti. Pamfundo pa paipi panatuluka lawi loyera, khungu la dzanja langa n'kusupuka. Panalibe machesi, panalibe wosuta fodya. Titafufuza tinapeza kuti dzulo lake munthu wina anapaka girizi wamba pa kamphira ka pamfundopo kuti pasamatuluke mpweya. Munthu winayo ndinali ine ndemwe.

Sayansi yake waiphunzira kuposa ine, koma ndikukumbutse m'chinenero cha kwathu. Ukamaliza kupopa tayala la njinga, gwira pampu: yatentha. Mpweya ukapanikizika mofulumira umatentha. Tsono okosijeni wa ma bar 200 akathamangira m'paipi yotseka kumapeto, pamapetopo pamatentha madigiri mazanamazana usanaphethire. Okosijeni payekha sayaka, koma amalimbitsa moto mpaka zinthu zimene sitiziwerengera ngati nkhuni zimayaka: girizi, mphira, ngakhale chitsulo. Pa 27 Januwale 1967 amuna atatu, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee, anapsa m'chombo cha Apollo 1 chidakali pansi, chifukwa m'kati mwake munali okosijeni yekhayekha. Amene anamanga chombocho sanali osaphunzira.

Tsono mu kanema wako ndamva kaphokoso kena: tha! Ndinabwereza malowo katatu. Ndi valavu ya solenoid imeneyo, eti? Mwanawe, valavu ya mtundu umenewo sidziwa kutseguka pang'onopang'ono. Imakhala yotseka, kenako yotseguka yonse. Ndi dzanja langa la tsiku lija lomwelo, kungoti walipanga ndi waya. Usaiike mbali ya mpweya wamphamvu. Okosijeni ayambe wadutsa pa regulator, mphamvu yake itsike, adutsenso pa valavu ya singano yomulola kuyenda pang'onopang'ono. Solenoid ikhale kumene mpweya wafatsa kale.

Ndipo chilichonse chokhudzana ndi okosijeni chikhale chotsukidwa mpaka mafuta onse atachoka. Timphira tikhale ta Viton. Ngati pafunika kupaka, paka girizi wopangidwira okosijeni monga Christo-Lube kapena Krytox, kadontho chabe. Vaseline ayi, girizi wa galimoto ayi, ngakhale manja amene wangodyera chipisi ayi. Ndikudziwa kuti zinthu zimenezi n'zodula ndipo umachita kuitanitsa kunja. Dikira zifike. Mapaipi ndi mavalavu otola pa msika wa zitsulo zakale uwasiyire ntchito ya madzi.

Mayi ako anandifunsa dzana kuti bwanji osangowapatsa anthuwo mpweya womwewu umene Mulungu anatipatsa waulere. Ndinamufotokozera tili pakhonde, ndipo ndibwereza pano chifukwa ena owerenga ali ndi funso lomwelo. Mpweya umene tikupumawu uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, otsalawo pafupifupi onse ndi nayitrojeni. Munthu akatsika mamita 10, madzi amamupanikiza kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Nayitrojeni amalowerera m'magazi ndi m'minofu monga mpweya umalowera mu Fanta wosatsegula. Akakhalitsa pansi kapena akakwera mothamanga, nayitrojeniyo amatuluka ngati thovu m'kati mwa thupi, munthu n'kupindika ndi ululu wa m'mfundo, mwina kufa ziwalo.

Nitrox ndi mpweya umene tawonjezamo okosijeni kuti nayitrojeni achepe. Wodziwika kwambiri ndi wa 32 peresenti ndi wa 36 peresenti. Pa matebulo a bungwe la PADI oonetsa nthawi yokhala pansi pa madzi, munthu wa mpweya wamba pa mamita 30 amaloledwa mphindi 20, pamene wa nitrox 32 amaloledwa mphindi 30. N'chifukwa chake ojambula mbuna ndi ofufuza nsomba amaukonda. Mayi ako anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye ndi mpweya wabwino. Ndinati dikira, mlongo, sindinamalize.

Okosijeni yemweyo akachuluka pansi pa madzi amasanduka poizoni. Mfalansa wina, Paul Bert, analemba zimenezi mu 1878. Munthu amagwa khunyu mosachenjeza, chopumira n'kugwa m'kamwa, madzi n'kulowa. N'chifukwa chake tili ndi malire a 1.4 bar ya okosijeni. Nitrox 32 amathera pa mamita pafupifupi 34. Nitrox 36 amathera pa 29. Nitrox 40 amathera pa 25. Tsono taganiza, Mada: makina ako alemba 32 pamene m'silindamo muli 40. Mlendo watsika mpaka mamita 33 kuseri kwa chilumba cha Thumbi, akuonerera nsomba, mtima uli m'malo. Wadutsa malire ndi mamita 8 osadziwa. Mpweyawo sununkha, suwawa, suoneka. Akuluakulu ponena kuti tsoka silinunkha ankangokhala ngati aona silinda.

Njira imene ine ndinakulira nayo ndi yothira okosijeni poyamba. Silinda yopanda kanthu, ukafuna nitrox 32 pa ma bar 200, umathira okosijeni ma bar 28, kenako kompuresa n'kudzaza mpweya wamba mpaka 200. Ukafuna 36 umathira 38. Ndipo okosijeniyo umamuthira modekha, ma bar 4 kapena 5 pa mphindi, ndiye kuti mphindi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri uli chiimire kuyang'ana geji. Njira imeneyi ndi imene inandiwotcha, chifukwa okosijeni wosasakaniza amadutsa m'paipi ndi m'valavu ali pa mphamvu yaikulu.

Ukanandifunsa, ndikanati makina ako atsate njira inayo, yosakanizira polowera mpweya mu kompuresa. Okosijeni amalowa mofatsa m'chitoliro, amasakanikirana ndi mpweya wamba, ndipo chimene kompuresa ikupanikiza ndi nitrox wopangidwa kale. Lamulo lake ndi lakuti asapitirire 40 peresenti, komanso wopanga kompuresayo akhale kuti anavomereza kuti igwire ntchito imeneyi. Werenga buku lake, usangofunsa anzako a pa intaneti. Pamenepa m'pamene nzeru zako za kompyuta zingathandize zedi, chifukwa kusunga nambala imodzi kwa ola lathunthu makina amakhoza kuposa munthu.

Koma makina amaona ndi diso limodzi, sensa. Ine ndakhala ndi masensa zaka zambiri ndipo ndimawadziwa mtima wawo. Sensa ya okosijeni ili ngati batire la tochi. M'kati mwake muli mtovu umene umadyeka pang'onopang'ono, kaya ukuigwiritsa ntchito kaya yangokhala. Imatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kutentha kwa kuno ku Mangochi kumaifupikitsa moyo. Choopsa n'chakuti ikamakalamba sifa poyera. Ukaiyesa pa mpweya wamba imaonetsa 20.9 bwinobwino ngati mwana womvera. Okosijeni akachuluka imatopa, n'kumaonetsa nambala yochepa kuposa yeniyeni.

Waona pamene pali msampha? Makina ako akufuna 32, sensa yotopa ikuti 29. Makinawo awonjezera okosijeni. Sensa ikuti 30. Awonjezeranso. Ine pamenepo ndikanadabwa kuti bwanji lero silinda yaikulu ikutha msanga, bwanji valavu ndaitsegula kuposa masiku onse. Makina sadabwa. Choncho uwaphunzitse kudabwa. Ika masensa awiri kapena atatu, osagulidwa tsiku limodzi. Akasiyana maganizo, zonse ziime. Lemba deti pa sensa iliyonse tsiku loitulutsa m'paketi. Uziyesa pa mpweya wamba, uziyesanso pa okosijeni wosasakaniza kuti uone ngati ikadali ndi mphamvu zofika pamwamba.

Nkhani ina ndi ya magetsi. Iwe ndi ine tikudziwa kuti kuno amathima osatsanzika. Magetsi akathima, valavu ya okosijeni izitseka yokha. Ndiponso kompuresa ikaima pa chifukwa chilichonse, okosijeni aime nthawi yomweyo. Akapitiriza kutuluka adzadzaza chitoliro chonse, ndiye magetsi akadzabwera kompuresa idzakoka okosijeni yekhayekha kulowa m'mimba mwake momwe muli mafuta otentha. Sindikufuna kulemba chimene chimatsatira. Chitetezo chimenechi uchilumikize ndi waya mwachindunji, chisadalire pulogalamu ya mu kakompyuta kako ka Arduino. Foni yanga imauma kangapo pa sabata. Kabokosi kako nakonso tsiku lina kadzauma.

Usaiwalenso kutentha. Silinda imene wadzaza masana a Okutobala, geji ikuti 200, ukaipeza m'mawa itazizira imakhala itatsika ndi ma bar 10 kapena 20. Mpweya sunathawe, wangozizira. Makina owerenga mphamvu osawerenga kutentha adzalakwitsa masamu tsiku lililonse la dzuwa. Ndipo nitrox wothira mosiyanitsa sasakanikirana pompopompo. Ife tinkaigoneka silinda n'kuigubuduza, kapena kuisiya ipume kaye, tisanayeze.

Pali mdani wina amene kabokosi kako sikamuona n'komwe: utsi. Kompuresa imapanikiza chilichonse chimene yakoka. Jenereta ikakhala pafupi, kapena amayi akamawamba nsomba kuseri kwa mpanda, mpweya woipa wa carbon monoxide umalowa m'silinda, ndipo pansi pa madzi mphamvu yake imawirikiza. Paipi yokokera mpweya ungaiike bwino nthawi ya mwera, koma mpoto ukayamba mphepo imatembenuka n'kukubweretsera utsi womwe unauthawa. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 12021 sulola carbon monoxide kupitirira magawo 5 pa miliyoni. Ika sensa ya mpweya umenewu, ndipo makinawo aziwerenga maola a fyuluta n'kukana kugwira ntchito nthawi yake ikadutsa. Apa ndiye ungatipose tonse, chifukwa ife anthu timakonda kunena kuti fyulutayi ingapirire sabata ina.

Wati m'tsogolomu udzawonjezera helium kuti uzipanga trimix wa otsika kwakuya. Dekha, mwanawe. Kuthamanga si kufika. Mpweya wina wa mtundu umenewo umakhala ndi okosijeni wochepa kwambiri moti munthu akaupuma ali pamtunda amakomoka osamva kanthu. Yamba walera mwana mmodziyu, ayende, wachiwiri adzabwera.

Kumbukiranso kumene tili. Nyanja yathu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuposa nyanja yamchere, ndipo malo alionse opitirira mamita 300 matebulo ake amasintha. Chipinda chopanikizira mpweya chochizira wodwala nayitrojeni sichili pafupi ndi gombe lathu. Wolakwitsa kuno alibe pothawira msanga. Kwina kulakwitsa kumathera m'chipatala. Kuno kungathere pamkeka, anthu atazungulira.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Kumapeto kwa kanema unanena mawu amene anzako anawaombera m'manja. Unati makinawo azisindikiza okha kapepala komata pa silinda, moti choyezera mpweya cha m'manja sichidzafunikanso. Madalitso, pamenepo ndiye ayi. Zina zonse tingakambirane, koma apa sindisuntha.

Mwambo wathu ndi wakuti amene akapume mpweyawo ndiye amauyeza. Amatenga choyezera, amayamba wachiyesa pa mpweya wamba, amatsegula silinda pang'ono, amaona nambala ndi maso ake. Kenako amalemba ndi dzanja lake pa tepi: peresenti, kuya kothera, deti ndi dzina lake. Amasainanso m'buku. Ndachita zimenezi ndi madokotala, ndi ana asukulu, ndi anthu amene chinenero chawo sindinkachimva. Palibe amene ndinamulola kukwera boti asanalembe, ngakhale atakwiya.

Sikuti ndinkadzikayikira. Masiku ambiri nambala yanga ndi yawo zinkafanana. Koma tsiku lina mayi wina wachikulire anayeza silinda imene ndinati ndi 32, choyezera n'kunena 38. Ndinali nditathira okosijeni pamwamba pa nitrox wotsala dzulo, ndikuganiza kuti silinda ndi yopanda kanthu. Mayiyo sanakalipe. Anangondionetsa nambala, tinayang'anana, ndinam'patsa silinda ina. Madzulo ake ndinalephera kudya. Ndikanakhala ndi makina osindikiza kapepala kokongola, mayi uja akanakhulupirira kapepalako, chifukwa anthu amaopa kutsutsana ndi zilembo za makina kuposa kutsutsana ndi nkhalamba ya ku Chembe.

Kumeneko ndiye kuopsa kwa chinthu chokongola chimene wapanga. Chikamakhoza masiku 300 otsatizana, anthu adzasiya kuyeza. Tsiku la 301 sensa idzatopa popanda woiona. Choncho ngati makina ako asindikize kapepala, pakhale malo opanda kanthu oti munthu alembepo nambala imene wapeza yekha, ndi choyezera china chosalumikizana ndi kabokosi kako. Makina anene zawo, munthu anene zake. Zikagwirizana, silinda ikwere boti. Zikasiyana, itsale.

Malamulo amenewa sanabwere ndi ine. Bungwe la NOAA la ku America linalemba za nitrox 32 m'buku lake la 1979, iwe usanabadwe, ndipo chiyambire nthawi imeneyo lamulo lililonse lawonjezedwa chifukwa wina anapsa kapena wina sanabwerere. Usawaone ngati mantha a okalamba. Chipsera changa ndi chimodzi mwa malisiti ake.

Usaganize kuti ndikudana ndi makina ako. Ndikuuze chilungamo: pa zinthu zambiri adzandiposa. Satopa. Sachita mantha ndi bwana. Samva injini ya boti n'kuyamba kupupuluma. Sadzuka ndi matsire. Khutu langa lakumanja linagontha chifukwa cha zaka zoimirira pafupi ndi kompuresa, ndipo ngati kabokosi kako kangachititse kuti mnyamata wina aziimirira patali, ndidzakadalitsa. Koma anyamata odzaza masilindawo usawataye. Uwaphunzitse masamu a ma bar 28 aja pa pepala, kuti tsiku limene makina adzanama pakhale wowagwira bodza.

Za kuno kumudzi: denga la khitchini ya mayi ako lija takonza, ndalama unatumiza zinakwanira. Mchemwali wako wayamba kugulitsa zitenje kwa alendo ndipo akuti umubweretsere kabuku kolembamo ngongole. Agogo ako akufunsa ngati ukudya, poti pa kanema paja anaona makosi okhaokha. Akufunsanso funso lina lija, la mtsikana wa ku Zomba, koma limenelo udzayankha wekha.

Mayi ako sakudziwa zonse zimene ndalemba pano, ngakhale wina amuwerengera ndithu. Chimene akudziwa n'chakuti mwana wake akusewera ndi chinthu chimene chinawotcha mlongo wake. Muimbire. Usamuuze kuti palibe choopsa, chifukwa adzadziwa kuti ukunama. Muuze zimene wachita kuti choopsacho chichepe.

Pempho langa ndi ili. Usalumikize okosijeni ku kabokosiko ndisanakaone. Yesa ndi mpweya wamba kaye. Zimitsa magetsi dala, zula waya wa sensa dala, imitsa kompuresa dala, uone ngati valavu ikutseka ulendo uliwonse. Kenako mwera ukatha ubwere nako kuno. Choyezera changa chakale ndachigulira sensa yatsopano. Silinda yoyamba udzadzaze ndi makina ako, ine ndidzaiyeza ndi dzanja lachipserali. Manambala akadzagwirizana, ndidzalemba dzina langa pa tepi, ndipo tidzatsika awiri pa Otter Point, mamita 10 okha, kukaona mbuna zimene unkaziwerenga uli mwana.

Akadzasiyana, tidzakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyambiranso. Palibe amene akutithamangitsa.

Bwera msanga, ndipo usaiwale kabuku ka mchemwali wako.

Ndine malume ako,
ku Chembe, Cape Maclear